Samuel Ntara ndi Nkhani za Masiku a Nkhondo

Pa Nkaya, m'boma la Balaka, pali mphambano ya njanje. Njanje yocokera ku Blantyre kunka ku Salima inatha kumangidwa mu 1935, ndipo ina yodzera pa Liwonde ndi pa Nayuchi kunka ku doko la Nacala inatsegulidwa mu 1970. Koma njanje isanafike, dziko lomweli linali kale njira ya anthu. M'cigwa ca Shire munali kupita amalonda a minyanga ya njobvu, magulu a nkhondo, ndi mizere ya akapolo omangidwa m'magoli. David Livingstone anadzera m'cigwa cimeneci mu 1859 pa ulendo wace wa ku nyanja, ndipo anapeza Amang'anja alikulima thonje ndi kusula makasu. Zitapita zaka zocepa, Ayao ochedwa Amachinga, ocokera ku mapiri a ku Mandimba, anakhazikika m'dzikomo, ndipo maina a mafumu ao, monga Kawinga, Liwonde, Nsamala ndi Kalembo, alipobe kufikira lero. Ca kumadzulo kunali Angoni a Maseko, amene anali kutsika ku mapiri a ku Ntcheu kudzathira nkhondo m'midzi ya m'cigwa. Potsiriza panafika asilikali a Harry Johnston. Mu 1895 anacotsa Kawinga pa phiri la Chikala nagonjetsanso Jalasi, ndipo mu 1896 asilikali a Boma lomwelo anapha Gomani, mfumu ya Angoni.

Anthu amene anaona zimenezi ndi maso ao anatha onse kumwalira. Cotsala ndi zimene anasimbira ana ndi adzukulu ao madzulo pa moto, ndi zocepa zimene zinalembedwa. Tsono pali funso limene limabvuta aliyense wofuna kulemba za masiku amenewo: munthu amene sanaone nkhondo angalembe bwanji buku lokoma, loti wowerenga asafune kulitula pansi, koma osanamiza anthu za makolo ao? Mmodzi wa anthu oyamba kuyesa nchito imeneyi m'cinenero cino anali Samuel Josiah Ntara, amene ena amalemba dzina lace kuti Nthara. Iye sanali wa ku Shire. Kwao kunali m'cigawo ca pakati. Komabe anthu a ku Balaka ndi ku Machinga ayenera kudziwa njira imene iye anatsata, ndi malo amene analekeza.

MPHUNZITSI WA KU NKHOMA

Ntara anabadwa mu 1905, ndipo anaphunzira m'sukulu za Mishoni ya Dutch Reformed Church. Mishoni imeneyi inayamba pa Mvera mu 1889, m'dziko la Chiwere, mfumu ina ya Angoni. Inamanga pa Kongwe mu 1894 ndi pa Nkhoma mu 1896. Atatha maphunziro ace analowa nchito ya uphunzitsi, ndipo zaka zambiri za moyo wace anali munthu wa sukulu ndi wa chalichi.

Caka cimene anabadwa ncofunika kucisunga. Kucokera pa imfa ya Gomani kufikira pa kubadwa kwa Ntara panapita zaka 9 zokha. Ndiko kunena kuti madoda ndi nchembere zimene mnyamatayo anali kuziona pa bwalo ndi pa mtondo zinali anthu amene anagonapo m'malinga, amene anathawirapo ku mapiri ndi m'mapanga usiku mvula ilikugwa. Ena a iwo anagwidwapo ukapolo, ndipo enanso, kunena zoona, anagwirapo anzao. Nkhani za nkhondo zinali m'kamwa mwa anthu amene Ntara anali kudya nao nsima m'mbale imodzi, ndipo mwana wochera khutu akanatha kuzitola monga amatolera masuku pansi pa mtengo.

Pa masiku amenewo mabuku a Cinyanja anali ocepa. (Dzina lakuti Cicewa linakhazikitsidwa ndi Boma pambuyo pace, mu 1968.) Panali Buku Lopatulika, limene kumasulira kwace kunatsogozedwa ndi William Murray wa ku Nkhoma ndipo linasindikizidwa mu 1922, panali mabuku a nyimbo, a katekisima, ndi owerengera ana a sukulu. Ambiri a mabukuwo analembedwa kapena kumasuliridwa ndi Azungu. Munthu wamkulu amene anabvutikira kuphunzira kuwerenga, akatha amenewa, anali kusowa cina coti atsegule. Nthano za Kalulu ndi Fisi zinalipo zosawerengeka m'midzi yonse, koma buku lalitali losimba moyo wa munthu wa m'mudzi, kuyambira m'cikuta kufikira ku manda, lolembedwa ndi mwini cinenero, linali cinthu cacilendo.

Mu 1926 ku London kunakhazikitsidwa bungwe lochedwa International Institute of African Languages and Cultures. Bungweli linayamba mipikisano ya kulemba mabuku m'zinenero za mu Africa, caka cino zinenero izi, caka camawa zina. Itafika nthawi ya Cinyanja, Ntara, asanakwane zaka 30, anatumiza zolemba zace ndipo analandira mphotho. Buku lace, Nthondo, linasindikizidwa ku Nkhoma mu 1933. Caka cotsatira, mu 1934, linatuluka ku London m'Cingelezi ndi dzina lakuti Man of Africa. Wolimasulira anali Thomas Cullen Young, amene anagwira nchito zaka zambiri pa Mishoni ya Livingstonia, ndipo mau otsogolera analemba ndi Julian Huxley, katswiri wochuka wa za sayansi. Motero mphunzitsi wa ku mudzi anayamba kuwerengedwa ndi anthu amene sanaonepo nkhokwe ngakhale kumva kulira kwa mtondo.

MUNTHU WOPEKA M'DZIKO LENILENI

Nthondo ndi munthu wopeka. Palibe mudzi umene ungaloze manda ace. Buku limamtsata kuyambira pa kubadwa kwace, ubwana wace, kupulupudza ndi kuba kwace, ulendo wace wa kukafuna nchito kutali, kubwerera kwao, kulowa ufumu, kutembenuka mtima, kufikira imfa yace. Koma ngakhale munthuyo ndi wopeka, zinthu zomzinga nzoona: m'mene anthu amalandirira mwana, m'mene amakambira milandu, m'mene amaopera ufiti, ndi m'mene amaikira maliro.

Apa ndipo pali luso loyamba la Ntara. Mlembi wa mbiri amanena kuti Acewa anali kuweruza milandu motere ndi motere, ndipo wowerenga amabvomera ndi mutu, kenaka nkuyamba kuodzera. Mlembi wa nthano amatenga mnyamata mmodzi, namcimwitsa, namuimika pa bwalo pamaso pa amalume ace ndi a nyakwawa, mai wace atakhala pansi poteropo atagwira kucibwano. Wowerenga amafuna kudziwa cimene cidzamgwera mnyamatayo, ndipo pofuna kudziwa cimeneco amamva mwambo wonse wa pa bwalo, ndani ayamba kulankhula, ndani alipira, ndani acita manyazi, osazindikira kuti alikuphunzira. Mwambo wolembedwa paokha uli ngati ufa wouma. Umamezeka ukaphikidwa pamodzi ndi moyo wa munthu.

Koma kupeka kuli ndi malire ace, ndipo malirewo ndi opapatiza kuposa m'mene ambiri amaganizira. Mlembi ali ndi ufulu wakupeka dzina, nkhope, mtima ndi mau a munthu wace. Alibe ufulu wakunena kuti cimanga cimaca mwezi wa October, kapena kuti mwana wa Mcewa amalowa ufumu wa atate wace, pakuti aliyense adziwa kuti ufumu wa Acewa umatsata mbumba, ndipo wolowa dzina amacokera kwa mlongo wace wa mfumu. Sangathe kuika ndalama za msonkho m'manja mwa munthu wa masiku amene malonda anali a nsalu, mikanda, mcere ndi makasu. Sangathe kuyatsa moto ndi macesi m'linga, kapena kukweza mthenga pa njinga Azungu asanafike. Owerenga oyamba a Ntara anali ana a anthu omwewo amene iye anali kuwalemba. Akanalakwa pa kanthu kamodzi ka mwambo, akulu akanaseka, ndipo buku lonse likanasanduka bodza m'maso mwao. Cifukwa cace wolemba za kale amatha masiku ambiri alikufunsa tinthu tating'ono: kodi mkuzi anali kumanga bwanji, kodi khomo la linga linali kutsekedwa ndi ciani, kodi mfuti ya gogodera inali kutenga nthawi yotani kuithira onga. Pa mayankho khumi mwina limodzi lokha ndilo limalowa m'buku, koma asanu ndi anai otsalawo ndiwo amamletsa mlembi kunama.

Pali cinthu cina cimene ciyenera kunenedwa poyera. Ntara anali mphunzitsi wa Mishoni, ndipo makina osindikizira anali a Mishoni. Mishoniyo inali kudana ndi gule wamkulu ndi miyambo ina ya m'midzi, ndipo mphunzitsi wace sakanatha kulemba za izo momasuka monga munthu wopanda mbuye. Motero mathero a Nthondo amadziwika nkhani ikali kutali: wopulupudza adzalapa. Masamba onena za kupulupudza kwace ali ndi moyo woposa masamba onena za kulapa kwace. Ici si cilema ca Ntara yekha, pakuti alembi ambiri a mu Africa a zaka zimenezo anali kulemba wina ataima kumbuyo kwao alikuyang'ana pa pepala.

MFUMU YA PA CHIBANZI

Buku limene limalowa kwenikweni m'masiku a nkhondo ndi la Msyamboza. Cullen Young analimasuliranso, ndipo linatuluka ku London mu 1949 ndi dzina lakuti Headman's Enterprise. Msyamboza sanali wopeka ai. Anali mfumu ya Acewa ya pa Chibanzi, m'boma la Dowa, kufupi ndi Kongwe, ndipo anamwalira mu 1926 ali nkhalamba yeniyeni. Pa unyamata wace anali mlenje wa njobvu ndi wamalonda. Minyanga inamgulira mfuti, mfuti zinampatsa mphamvu yakusunga anthu ace pakati pa Angoni, ndipo mudzi wace unakula cifukwa othawa nkhondo amathamangira kumene kuli citetezo ndi cakudya. Azungu atafika iye analandira sukulu m'mudzi mwace, nayesa mbeu zatsopano monga tirigu, ndipo pomaliza analowa Cikristu.

Polemba za munthu wotere bvuto limatembenuka. Pa Nthondo, Ntara anali ndi ufulu wa zocitika koma anamangidwa ndi mwambo. Pa Msyamboza anamangidwa ndi zocitika zomwe, pakuti ana, adzukulu ndi anansi a mfumuyo anali moyo ndipo anali kudziwa kuwerenga. Komabe buku silingayende popanda anthu olankhula, ndipo panalibe mlembi amene anakhala pa bwalo la Chibanzi ndi colembera pamene mfumu inali kupangana ndi amalonda kapena ndi nduna za Angoni. Nanga mauwo acokera kuti? Wolemba amamvera akulu ambiri osimba cinthu cimodzi. Uyu akuti kunali mfuti zitatu, uyo akuti khumi. Uyu akuti mfumu inaseka, uyo akuti inakwiya. Iye amayesa nkhani zonsezo pamodzi, naona pamene zigwirizana, ndipo pamene zisiyana amasankha imene iyenerana ndi mtima wa munthuyo monga adziwika pa zocita zace zina. Atatero amaika m'kamwa mwace mau amene munthu wotereyo akananena. Pamenepa mbiri ya munthu ndi nthano zimayandikana kwambiri, ndipo cozilekanitsa ndi cikumbumtima ca mlembi basi.

Phindu la buku la Msyamboza ndi lakuti limaongola maganizo okhota amene anthu ambiri ali nao. Mabuku a Azungu oyamba amaonetsa anthu a masiku a nkhondo monga nkhosa zongothawa, zodikira wina adzazipulumutse. Ntara aonetsa munthu wowerengera zinthu: wodziwa nthawi yakumenya ndi nthawi yakupereka mphatso, wodziwa kuti nkhokwe yodzala imasunga mudzi monga momwe mfuti imausungira, woona cinthu catsopano nkufunsa ngati cingamthandize. Anthu a masiku amenewo anali kulima, kukwatira, kucita malonda ndi kuseka, nkhondo ili pa khomo.

M'zaka za m'ma 1940 Ntara anatulutsanso Mbiri ya Acewa, ndipo mu 1965 linatuluka kaciwiri litaonjezedwa. M'bukuli mulibe munthu mmodzi womtsata. Muli mtundu wonse, ulendo wace wocokera ku Uluwa, mafuko a Phiri ndi Banda, Kalonga, Undi, Mwase wa ku Kasungu, ndi Makewana wa ku Msinja, zonse monga akulu anamsimbira. Mu 1949 kunatuluka Nchowa, ndipo mu 1964 mbiri ya Namon Katengeza, mmodzi wa abusa awiri oyamba acikuda amene anadzozedwa mu Mpingo wa Nkhoma mu 1925. Pa nthawiyo njira ya alembi inali itayamba kutseguka, pakuti mu 1948 maboma a Northern Rhodesia ndi Nyasaland anakhazikitsa bungwe lothandiza kusindikiza mabuku m'zinenero za anthu.

ZA CIKONDI M'MASIKU A NKHONDO

Maiko ena alinso ndi masiku ao a nkhondo, ndipo alembi ao anapangapo mtundu wa mabuku umene umagulidwa kwambiri. Ku America, m'zaka za m'ma 1800, Azungu anali kusamukira kumadzulo kwa dzikolo ndi ngolo zao ndi ng'ombe zao, kumene kunalibe boma lolimba ndipo munthu anali kudziteteza ndi mfuti yace. Masikuwo atatha, alembi anayamba kuwasandutsa nthano. Owen Wister anatulutsa The Virginian mu 1902, nkhani ya mbusa wa ng'ombe wa ku Wyoming amene akonda mphunzitsi wamkazi wocokera kum'mawa. Zane Grey, amene poyamba anali dokotala wa mano, anatulutsa Riders of the Purple Sage mu 1912. Amuna a ku Nyasaland amene anakagwira nchito ku migodi ya ku Copperbelt anaziona nkhani za mtundu umenewu pa kanema, zimene pa nthawiyo zinali kuchedwa bayisikopo, ndipo ana a m'makomboni anali kusewera ciweta-ng'ombe ndi mfuti za mitengo. Cinsinsi ca mabuku amenewa ncosabisika. Amatenga nthawi yoopsa, naikamo mwamuna ndi mkazi ofunana, ndipo coopsa ciliconse cimasanduka copinga pakati pa awiriwo. Wowerenga sasamala kwambiri za dziko lonse, koma za anthu awiri amasamala, ndipo amapirira masamba mazana atatu kuti aone ngati adzapezana.

Kumwera kwa Africa kunapezeka alembi amene anaona mphamvu ya njira imeneyi. Sol Plaatje analemba Mhudi, buku limene linasindikizidwa ku Lovedale mu 1930. Ndi nkhani ya mkazi, Mhudi, ndi mwamuna, Ra-Thaga, amene apulumuka pamene ankhondo a Mzilikazi aononga mudzi wa Abarolong, nakomana m'chire, namanga banja nkhondo ili mkati. Thomas Mofolo wa ku Lesotho, m'buku lace Chaka la mu 1925, anapeka mkazi dzina lace Noliwa, wokondedwa wa mfumu ya Azulu, kuti aonetse cimene munthu amataya pofuna ufumu wopanda malire. Nkhondo za m'mabuku awiriwa ndi zomwezo zimene zinapirikitsa Angoni kumwera, kufikira Zwangendaba anaoloka Zambezi mu 1835, tsiku limene dzuwa linada masana.

Ntara sanaike cikondi ca mwamuna ndi mkazi pakati pa mabuku ace aakulu. Mwina cifukwa cace ndi Mishoni, mwina ndi ulemu wa masiku amenewo, pamene za m'nyumba sizinali kukambidwa pa gulu. Koma wina wofuna kulemba nkhani yotere ya m'dziko lino angakhumudwe msanga akangobwereka cikombole ca ku America. M'mabuku a kumeneko mwamuna amafika yekha pa kavalo, wopanda mbale, natenga mkazi kunka naye ku nyumba imene wamanga yekha pa thengo. Kwa Acewa, Amang'anja ndi Ayao zinthu zinali kuyenda mwa njira ina. Mwamuna ndiye anali kusamuka kunka ku cikamwini, nalima munda wa apongozi, nayesedwa ngati ali ndi manja. Ukwati unali kumangidwa ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndipo ana anali a mbumba ya mkazi, oyang'aniridwa ndi malume wao. Kwa Angoni kunali malowolo a ng'ombe, ndipo mkazi ndiye anali kutsata mwamuna. Tsono mkazi wa Cimang'anja wogwidwa ndi Angoni sanali kungotaya mudzi wace; anali kulowa m'dziko limene ana ace omwe sadzakhala a pfuko lace. Mkamwini amene mudzi wa mkazi wace wathawa usiku anali kusankha pakati pa kutsata mkaziyo ndi kubwerera kukateteza alongo ace, amene mwambo unati ndiwo mbumba yace yeniyeni. Ndipo mfumu yogula akazi acikapolo inali kutero cifukwa ana a kapolo alibe malume wodzawatenga; amakhala a mudzi wa atate wao, nakulitsa dzina lace. Zopinga za cikondi za m'cigwa ca Shire zinali zimenezi, ndipo nzolemera kuposa za pa kanema.

NKHANI YOONEKA KUCOKERA KU SHIRE

Aliyense wolemba za kale amaima pena pace, ndipo amaona zimene zioneka kucokera pamenepo. Mabuku ambiri a kumadzulo kwa America amasimba za olowa m'dziko, ndipo eni dziko amene analandidwa malo ao amangooneka monga adani obisala kuseri kwa matanthwe, opanda maina, opanda akazi ndi ana. Ntara anali munthu wacilungamo kuposa pamenepo, koma nayenso anaima pa Nkhoma ndi pa Dowa. M'maso mwa Mcewa wa kumeneko, Mngoni ndi munthu wobwera ndi cishango, ndipo Myao ndi mlendo wobwera ndi nsalu ndi onga, wofunsa za minyanga ndi za anthu. Wowerenga wa ku Nkaya, amene mwina agogo ace anali a Nsamala kapena a Kalembo, akatsegula mabuku otere amapeza makolo ace ali m'mphepete mwa nkhani.

Koma Ayao analinso ndi mlembi wao, ndipo anayamba kulemba Ntara akali mwana. Yohanna Barnaba Abdallah anaphunzira ku Zanzibar, nakhala wansembe wa Mpingo wa Anglican pa Unangu, ku Mozambique, kufikira imfa yace mu 1924. Buku lace, Chiikala cha Wayao, linasindikizidwa ku Zomba mu 1919 m'Ciyao ndi m'Cingelezi, womasulira ali Meredith Sanderson. M'menemo Ayao ali pakati pa nkhani. Muli phiri lochedwa Yao kumene mtundu unayambira, muli osula zitsulo amene anayamba kuyenda ndi makasu ao kukagulitsa kutali kufikira anatulukira ku nyanja ya mcere, muli maulendo a ku Kilwa, muli kugawika kwa mtundu kukhala Amachinga, Amasaninga, Amangoche ndi ena, ndiponso muli mafumu akulu monga Mataka ndi Makanjira. Wowerenga amaona kuti anthu amene anafika ku Shire ndi mfuti anali atapirikitsidwa iwonso kwao ndi nkhondo ndi njala. Ici sicicotsa mlandu wa ukapolo, pakuti anthu anagulitsidwadi, ndipo midzi ya Amang'anja inapserezedwadi. Cingoonetsa kuti wogwira goli nayenso anali ndi mai wace, mantha ace ndi cifukwa cace, ndipo mlembi amene sadziwa zimenezo adzalemba cirombo m'malo mwa munthu.

Ndi bwino kukumbukanso kuti kulemba kunafika m'dziko lino ndi njira ziwiri. Pamene a Mishoni anali kuphunzitsa zilembo za Ciroma, m'mabwalo a mafumu ena a Ciyao amene analandira Cisilamu munali kale alembi olemba makalata a Ciswahili ndi zilembo za Ciarabu.

Motero za phiri limodzi la Chikala pali nkhani zosacepera zitatu. Harry Johnston, m'buku lace British Central Africa la mu 1897, analemba monga wogonjetsa, ndipo kwa iye mafumu a m'mapiriwo anali ogulitsa anthu oyenera kucotsedwa. Kwa anthu a Kawinga phirilo linali mudzi ndi linga, kumene ana anabadwira ndi kumene akulu anaikidwa. Kwa Amang'anja a m'munsi mwace linali malo kumene abale ao anakwera osabweranso. Ndipo iwonso anapeza mlembi wao, E. W. Chafulumira, amene analemba Mbiri ya Amang'anja. Abdallah ndi Chafulumira m'mabuku amenewa analemba mbiri ya mitundu. Ntara anaonjezapo cinthu cina, ndico kutenga munthu mmodzi ndi kumuyendetsa pakati pa zocitikazo kufikira wowerenga amve njala yace ndi mantha ace. Koma munthu wace anamuyendetsa ku Dowa, kutali ndi madambo a Shire.

Ntara anamwalira m'zaka za m'ma 1970, atatha zaka zoposa 30 alikulemba. Mu 1973 Mbiri ya Acewa inatuluka m'Cingelezi ku Wiesbaden, m'dziko la Germany. Womasulira anali W. S. Kamphandira Jere, ndipo Harry Langworthy, katswiri wa mbiri wa ku America amene anafunsanso akulu a kwa Undi, anaikamo ndemanga zace zoonetsa pamene zosimba za akulu ena zigwirizana ndi za Ntara ndi pamene zisiyana. Caka comweco buku la Abdallah linasindikizidwanso ku London, patapita zaka 54 cisindikizidwire ku Zomba.